Palasani Mukulankhula

Bambo atatuluka m'chipatala, dokotala wa mtima anawaletsa kupalasa njinga pamsewu. Anati azipalasira m'nyumba, pang'onopang'ono. "Muzipalasa mukulankhula. Mawu akayamba kudukaduka, tsikani."

Ine ndi amayi tinapita kusitolo kukafuna chopalasira, chitsulo chija amamangirirapo tayala lakumbuyo kuti munthu azipalasa ali pamalo amodzi. Wogulitsa anationetsa ziwiri. China chinali wamba, cholimbitsa ndi dzanja. Chinacho chimalumikizana ndi foni, chimadzilimbitsa chokha ngati ukukwera chitunda, ndipo pasikirini umaona anthu akutali amene ukupalasa nawo. Ine ndinakopeka nacho nthawi yomweyo.

"Amayi, cha bambo ndi ichi. Chiziwauza zonse."

"Tianthu iti timapitirirana?" amayi anafunsa wogulitsayo akuloza sikirini.

"Kwambiri, mayi. Kukoma kwake n'komweko."

"Ndiye chibwezeni. Amuna anga sanalolepo kudutsidwa panjira, ngakhale ndi mwana wasukulu. Akaona kamunthu aka kakuwapitirira, adzakathamangitsa mpaka tidzawatole pansi."

Zinandinyansa, kunena zoona. Nanga popanda manambala a pasikirini bambo adzadziwa bwanji kuti apyola muyezo? Amayi anangoti, "Makutu ndili nawo."

Tinatenga chawambacho n'kuchiika pabalaza, pakati pa tebulo ndi zenera. Amayi anakokera mpando wawo pafupi.

Vuto linali limodzi. Bambo anga pakamwa ndi polemera: ukawafunsa lero, yankho ulandira mawa. Poyamba anafotokoza za tcheni ndi mabuleki. Kenako za misewu yonse imene anayendamo, dzenje ndi dzenje. Nkhani za njinga zitatha anayamba kungong'ung'udza, amayi n'kuwaopseza: "Mukangokhala chete, ndikumasula tayalali."

M'mawa wina ndikutsuka makapu kukhitchini, ndinamva bambo akulankhula, tayala likulira. "Tsiku ndinagwa lija, mu ambulansi muja, njinga sindinaiganize n'komwe. Ndinkaopa kukusiyani, mayi a mwana, ndisanakuuzeni kuti..."

Mawu anaduka.

Ndinathamangira pabalaza sopo ali m'manja. Bambo anali panjinga, miyendo ikuzungulira bwinobwino, misozi ikutsikira m'ndevu. Ndinafuna kuwagwira kuti atsike, koma amayi ananditchinga ndi mkono osandiyang'ana.

"Kumeneku si kubanika," anatero chapansipansi. Anasendeza mpando kufupi ndi chiwongolero. "Palasani, bambo a mwana. Ndikumva."