Zitini za pa Nsalu ya Bwana

Mayi Mainess anali kumasula juzi ya amuna awo pamene a Dixon, tcheyamani wa chipani m'chigawo chawo ku Chawama, analowa m'kalabu ya amayi osaodira. Chinali chaka cha 1978. Ulusi m'masitolo munalibe, ndipo mpopi wa m'chigawomo unali utauma miyezi isanu.

A Dixon anati Loweruka kubwera bwana wa ku khonsolo, choncho amayi apete nsalu ya patebulo ya maluwa okhaokha. Za madzi asatchule, mlendo salandiridwa ndi madandaulo.

"Pakamwa tizatseka, ba tcheyamani," anatero Mainess. "Koma singano ilibe khadi ya chipani."

Ku Chawama mkazi aliyense ankasiya chitini pampopi kuti chimusungire malo pamzere, ndipo chitini cha mnzako unkachidziwa ngati nkhope yake. Ndiye aliyense anapeta chake. Cha Marjory chopindika pakamwa, cha amake Chalwe chomanga ndi waya, mzere wonse mpaka pa mpopi wouma. Juzi ya amuna a Mainess inathera m'menemo. Maluwa anaikapo awiri pakona, ofota.

Loweruka nsalu itayalidwa, a Dixon anaona zitini ndi mpopi wouma zitapetedwapo. Anabisa mpopiwo ndi mbale ya mabisiketi. Mainess anaisuntha. Anabisanso, anaisunthanso.

Bwana anawerama, nayang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa zitini. Mainess anayembekezera kuti tsopano bwana afunsa za madzi.

Bwanayo anati luso lotere ndiye chitukuko chenicheni. Anapinda nsaluyo bwinobwino, nati akazi awo akaikonda kwambiri, nakwera galimoto.

"Mwaona?" anatero a Dixon, mtima utakhala pansi. "Ba bwana bakondwera."

Mainess anayankha kuti, "Bakondwera. Ise tawapatsa kalata, beve baona chodyerapo. Apa vitini vathu vafika kumayadi, kwamene kuli madzi. Eni ake tikali kuno."

Lolemba mpopi unali chiumire, ndipo amuna a Mainess anapita kuntchito akunjenjemera ndi mphepo ya Juni. Mainess anauza amayi kuti apeta ina, yaikulu yosapindika m'manja, yokapachika pampopi penipeni. Marjory anafunsa kumene ulusi uchokere.

Pomwepo a Dixon anadutsa pakhomo, atavala juzi yofiira yatsopano. Amayi onse anaiperekeza ndi maso.

"Ba tcheyamani," anaitana Mainess mokoma, "bwerani tikuchapireni iyo."