Galimoto Yopanda Mapointi

Ndinkachapa ovololo ya bambo pang'onopang'ono, kupikicha mkono umodzi womwewo ngakhale girisi anali atachoka kale. Ndinkadziwa kuti ndikangoiyanika andiitana. Linali Loweruka, ndipo Lolemba ndinkayenera kukayamba kuphunzira umakaniko pagalaja ina yaikulu m'tauni. Bambo ndinali ndisanawauze.

Chinali chaka chimene mzinda wathu wa Umtali unasinthidwa dzina kukhala Mutare. Azungu ambiri anali atachoka, ndipo magalaja anayamba kutenga ana akuda omaliza Fomu 4. Koma ine ndinali ndi ntchito kale, yachinsinsi. Ndinali maso a bambo anga.

Bambowo, a Makaiko, anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi ku Penhalonga, kenako anayamba kukonza magalimoto pabwalo pathu ku Sakubva. Maso awo anachita ng'ala ine ndili Fomu 2, koma eni magalimoto sankadziwa. Bambo ankawerama mu injini, ine pambali pawo ngati wongogwirizira sipanala, n'kumanong'ona: "Mapointi apsa. Mpata wachepa. Waya wofiira ali kumanzere kwanu." Zotsalazo ankamaliza ndi zala. Ankapanikiza kapepala kopichirira fodya pakati pa mapointi, tizitsulo tiwiri timene timatseguka kuti moto upite kumapulagi, n'kumapotoza disitiribyuta, chogawira motowo, mpaka kapepalako katamasuka. Apo ndiye pamene moto umayenera kuthetheka. Mlongo wanga anali atakwatiwa ku Burma Valley, ndipo mayi sankasiyanitsa pulagi ndi bawuti. Ndinatsala ndine.

"Abisai! Ovololoyo ukuifunsira ukwati?"

Ndinaiyanika n'kupita. Pabwalo panali galimoto yoyera yatsopano ya a Edmund, mphunzitsi amene anali atangobwerera kuchokera ku Botswana.

"Mangwanani, mudhara," iwo anapereka moni m'Chishona. "Ikatentha imazima yokha. Akuti inu mumadziwa matenda ongomvera ndi khutu."

"Pitani kumsika mukagulire amayi tomato," anatero bambo. "Pobwera muipeza ikuimba ngati kwaya ya Chipangano."

A Edmund atapita, bambo anatsegula boneti n'kuchotsa chivundikiro cha disitiribyuta. Kapepala kawo anakaluma pamlomo. Chala chinalowa m'katimo, chinazungulira, chinabwerera, chinazunguliranso.

"Mapointi ali mbali iti?"

"Mulibe, ababa."

"Usandiseweretse iwe. Yang'anitsitsa."

"Muli kagudumu ka mano, ndi mawaya awiri opita ku kabokosi kakuda."

Kabokosi kotere ndinali nditakaonapo. Tsiku limene ndinakafunsira malo m'tauni, kapitawo wapagalaja ija anandionetsa kena. Anati ndi kamagetsi, ndiko kamalamula nthawi ya moto, sikatsegulidwa, amangokapima ndi mita. Kunena zimenezi kukanafuna kuti ndinenenso kumene ndinazimva.

Bambo anachotsa kapepala pamlomo, anakagwira m'mwamba kwa kanthawi, kenako anakabwezera m'thumba la shati. Anagogoda kabokosiko ndi chikhadabo.

"Bokosi la maliro ili," anatero. "Chinthu chosatseguka munthu angachichize bwanji? Tizula zonsezi. Kuseri kuja kuli disitiribyuta ya galimoto ina yakufa, tiisema mpaka ilowe. Mphunzitsiyo timuuza asiye galimoto. Lero, Lolemba, kaya mpaka Lachitatu, iwe uzindiuza waya uliwonse."

"Lolemba..."

"Lolemba chiyani? Uli ndi chibwenzi?" Anaseka, n'kundisisita pamutu ndi dzanja lonunkha petulo. "Iwe ndi ine, mwanawe. Bwalo ili ndi lako. Ine ndikadzagona kumanda, uzidzakonza pomwe pano, pansi pa mpeyala womwewu."

Ndinayang'ana mpanda wathu wamalata akale a mabasi, ndi mapiri otizinga mbali zonse. Ndinaganiza za a kapitawo akuyang'ana pachipata Lolemba m'mawa, kenako n'kuitana mnyamata wina.

Bambo anatulutsa pulayala m'thumba. Anapapasa mpaka anapeza mawaya aja, n'kupana mmodzi.

"Woyamba kudula ndi uyu? Ngwamtundu wanji?"

Kumsewu basi ya ku Dangamvura inadutsa ikulira hutala.

"Abisai, ndikufunsa iwe. Wameza lilime?"

Ndinagwira dzanja lawo. Ndinali ndisanawagwirepo chotero chibadwire. Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira.

"Musadule, ababa. Galimoto iyi sitikuidziwa, inu ngakhale ine, ndipo zikubwerazi zonse zikhala zotere. Lolemba sindikhala pano. Anandilandira pagalaja ya m'tauni, ndikupita kukaphunzira. Madzulo ndi Loweruka ndizikuonerani mapointi monga kale. Koma a Edmund akabwera muwabwezere galimoto yawo, ndipo za maso anuwo muwauze nokha. Ine kunong'ona ndatopa nako."