Kompyuta ya Malemu Solomoni

Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma zimene ankalandira a Levison Mbewe, wapampando wa kopaletivi ya alimi a mtedza ku Sinda, zinanyanya. Makalata a imelo ankasowa. Wogula wa ku Chipata ankalumbira kuti walemba katatu, koma m'mafoni a komiti munalibe kanthu. Anthu anayamba kunong'ona kuti mkuluyo akubisa makalata kuti agulitse yekha, ndipo Loweruka ankafuna kuwachotsa pampando. Zinkawapweteka kwambiri.

Lachinayi kunafika Sylvia, mayi wa ku Katete wosamalira seva yofikira makalatawo. Sanali wolongolola. Anangotsetseretsa chala pamizere ya mbiri ya seva.

"Pali makina amene amalowa seveni koloko m'mawa uliwonse," anatero. "Amatenga makalata mwa njira yakale ya POP, n'kusesa bokosi lonse. Muli ndi kompyuta ina kuno?"

A Levison anamutengera kudepoti, kuseri kwa matumba, kumene kunali kompyuta ya malemu Solomoni, mlembi wakale, itafundidwa chitenje.

"Ndimaiyatsa ndine," anatero chapansipansi. "Mnzanga anati ndisamaigoneke nthawi yaitali, ingafe."

Makalata onse anali momwemo, osatsegulidwa. Sylvia anawabwezera pa seva, kenako anasintha makina onse kuti azigwiritsa ntchito IMAP, njira imene kalata imatsala pa seva, aliyense n'kuiwerenga komwe ali. Sanapume mpaka foni yomaliza italira.

Loweruka a Chrispin, amene ankaulakalaka mpandowo kuyambira kale, anaimirira msonkhano usanatenthe.

"Mayi, tiuzeni poyera. Wakuba ndani?"

A Levison anawerama, kudikira chiseko.

"Wakuba palibe," anayankha Sylvia. "Makina akale ankangochita zimene anawauza kalekale. Koma kompyuta ija ikanafa, makalata anu akanapita nayo. Mwawapeza chifukwa a tcheya amaipukuta fumbi tsiku lililonse."

Bodza sananene ngakhale limodzi, mayi ameneyu! A Chrispin anakhala pansi, n'kuyamba kufunafuna kanthu m'thumba la malaya.

Lolemba seveni koloko, miyendo inawatengera yokha a Levison kudepoti. Anavundukula chitenje, akukayikira zoti ayatse. Pakompyutapo panali kapepala kamene Sylvia anamata: "Yatsani, a Mbewe. Mnzanu sakubisanso kanthu."

Anayatsa, n'kutenga kansalu kopukutira.