Injini Itasiya Kukodza

Febian Sakala anabwela kuchokela ku Kaliba ndi zinthu ziwili, chifuwa cha fumbi la simenti ndi injini ya boti imene anagula kwa mzungu wina wobwelela kwao. Kwa Luembe konse, kutsidya kwa Luangwa, kunalibe wina wokhala nayo. Pomupatsa, mzungu uja anamuuza kuti mkati mwa mwendo wa injini muli kampila ka mapiko kokoka madzi oziziletsa. Kampilako azikasintha chaka ndi chaka mvula isanagwe, ndipo asadzayese kuliza injini pamtunda, chifukwa popanda madzi kamapsa nthawi yomweyo. Anamuonjezela katsopano kamodzi, Febian n'kukasunga m'kachitini ka fodya.

Zonsezi ankazidziwa bwino, musamuyese mbuli. Koma anali mkamwini. Pa Khilisimasi apongozi ake, a Mumba, mowa utawakwela pamodzi ndi alendo ao a ku Sandwe, anatuma mau kuti injini ibwele pabwalo anthu aimve kulila. Nanga mkamwini amati iyayi pamaso pa alendo? Febian anaimangilila pamtanda wa mtengo, nakoka chingwe. Inalila, nkhuku zinabalalika, azimai anaimba nthungululu, a Mumba n'kunena kuti isazime kaye, alendo sanakhute. Kafungo ka mpila wopselela anakamva ndi Febian yekha.

Mumtima anati kampilako adzakasintha mailo, kukacha. Mailo lake kunali kupalila munda wa apongozi, mailo linalo kufolela nkhokwe. Komanso tinene zoona, mtima wake unkakana kutulutsa chatsopano chakale chisanafe, pakuti kena kakanachokela ku Lusaka. Anthu ife timatelo ndi nsapato, timatelo ndi mabulangete, koma injini zimenezo siizidziwa.

Mu Febuluwale, Luangwa atadzaza mpaka kumiza minda ya m'mphepete, nthawi ya mkazi wake Olipa inakwana. Masiku awili anatha ali m'chikuta, mwana osatuluka. M'mawa wa tsiku lachitatu mzamba wa pamudzi, amai Perpetua, anatuluka maso ali gwa, nanena kuti mwana wagona chopingasa, ndipo popanda chipatala cha ku Minga mudzi uika anthu awili m'manda amodzi. Mwai wake, tsiku limenelo kutsidya kunali lole ya mmwenye wa ku Nyimba, yonyamuka dzuwa likafika pamutu. Ina inali ya sabata yamawa.

Anamunyamula Olipa pachitseko mpaka padooko. Febian anagwila thumba la kabudula, kachitini kalimo. Kuti asinthe kampila, ndiye kumasula mwendo wonse, mabauti ochita dzimbili, ola lathunthu ngati zinthu zayenda bwino. Anayang'ana dzuwa. Linali litakwela kale, ola limenelo panalibe.

Injini yabwino imakodza, amatelo eni maboti: ikamalila, kamadzi kamatuluka kumbuyo mwamphamvu, ndiye umadziwa kuti mkati mukuzizila. Febian atakoka chingwe, yake inakodza ndithu, koma modontheza ngati nkhalamba. Anayang'ananso dzuwa. Kenaka anangokankha boti, iye, mzamba ndi wodwala.

Madzi anali ofiila, akutenga mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Febian analozetsa mphuno ya boti kumtunda kuti madzi akamawakankha akatsikile padooko lenileni. Diso limodzi linali kutsogolo, lina kumbuyo pa kamadzi kaja. Olipa anali atagona pansi pa boti, mutu pamiyendo ya mzamba, akubuula mosatsegula pakamwa.

Atafika pakati penipeni, kamadzi kanalavula kawili, n'kusiya.

Febian anaika dzanja pakabowo kotulukila madzi. Munkatuluka nthunzi yokhayokha, yotentha. Apa ankadziwa zonse ziwili: akazimitsa, mtsinje uwatenga, akapanda kuzimitsa, injini ipsa. Koma tsidya linali kuoneka, ngakhale denga la lole linkaoneka pakati pa mitengo.

"Fungo ili n'lachani, a Sakala?" anafunsa amai Perpetua.

"Gwilani mkazi wanga, amai."

Anaonjezela moto. Ndi dzanja lina anatunga madzi ndi chikho chokapila, nathila pamutu pa injini, madzi n'kuwila pomwepo. Kunali kudzinamiza chabe, moto unali mkati. Ankaipempha chamumtima ngati munthu, kuti ipilile pang'ono pokha, mapiko atsopano adzaipatsa lelo lomwe. Injini inayamba kugogoda, utsi unasanduka wakuda, liu linatsika. Kenaka inangoti gwa, chete.

Anakoka chingwe, sichinasunthe n'komwe. Anatola nkhafi. Koma nkhafi imodzi pa Luangwa wa Febuluwale, abale, ndi chiyani? Anapalasa mpaka khungu la m'manja linasupuka, boti likungopita cham'mbali. Dooko linawadutsa akuliona, pamtunda woti munthu wamphamvu n'kuponyapo mwala. Anaona anthu akukweza matumba m'lole. Anakuwa, amai Perpetua anakupiza chitenje, koma mkokomo wa madzi unameza zonse, ndipo mtsinje unakhota nao.

Anakakodwa m'bango kutali kumunsi, kumene kulibe njila. Febian analumphila m'madzi kuti akoke boti, matope n'kumumiza mpaka m'chiuno. Kuseli kwa bango kunali dambo, lonse madzi okhaokha. Anaima pomwepo atagwila m'mphepete mwa boti, mthunzi wake uli pansi pa iye mwini.

Ndiye anaimva. Lole inaliza hutala kawili, inalila, niyamba kukwela chitunda, liu likuchepelachepela.

Olipa anatsegula maso. Milomo inali itauma, yotuwa.

"Ndi lole ija?"

Febian anayang'ana amai Perpetua, iwo n'kuyang'ana kumbali. Iye anawelamila kwa mkazi wake.

"Iyayi, ndi madzi chabe. Lole ikutidikila."

Olipa anafunafuna dzanja lake losupuka lija, naligwila. Mphamvu munalibe m'zala zake.

"Simudziwa kunama, a Sakala," anatelo. "Kwelani muno, mukhale pafupi nane."

Anakwela ndi matope ake, nakhala. Asodzi a bwato amene anawapeza dzuwa litapendeka anabweza kumudzi anthu awili okha amoyo, Febian ndi mzamba.