Mipando ya mu Msewu Wathu

Mu msewu wathu amanditchula Wailesi. Dzinali anayambitsa ndi atelala oyandikana nafe, chifukwa chisamukire kuno anali asanandimvepo ndikunena mawu oposa "ndili bwino". Sindinakwiye nalo. Likanakhala la munthu wina, inenso ndikanaseka.

Chaka chimene ndinamaliza sekondale, bambo anadwala sitiroko. Anali dalaivala wa basi, munthu waphokoso, wopereka moni ngakhale kwa agalu. Anatuluka m'chipatala mwendo wakumanzere ukukoka pansi, dzanja litapindika ngati afumbata kanthu, mawu akutuluka amodziamodzi. Adokotala anati aziyenda tsiku lililonse. Amayi amagwira ntchito kufakitale ya sopo, amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, choncho woyenda ndi bambo ndinali ine, podikira kuti koleji itsegulidwe.

Lamlungu lina kunabwera amalume, achimwene awo a amayi. Anakhala pa sofa akuzunguza makiyi a galimoto pachala.

"Chemwali, tisanamizane," anatero. "Mwanayu akayamba koleji, alamu azitsala ndi ndani? Bwerani kwathu. Chipinda chilipo, ndipo mlamu wanu amakhala pakhomo tsiku lonse."

Amalume amakhala pakati pa mzinda, m'nyumba yosanjikizana, pamwamba penipeni. Chikepe chake chimagwira ntchito chikafuna. Ndinakachezako pa holide ina. Munthu wa khomo loyang'anana nawo sankamudziwa dzina, ankangoti "wa nsapato zofiira uja".

Bambo analimbana ndi mawu mpaka anatuluka. "Ine... m'mwamba muja... ayi."

"Alamu, si nkhani yofuna kapena kusafuna."

Amayi ankangopukuta tebulo loyera kale. Kenako anati, "Tichite chonchi. Koleji isanatsegulidwe, akatha kuyenda okha mpaka pa siteji ya basi, n'kukwera kupita kuchipatala kukapimidwa, tikhala. Akalephera, mubwere ndi galimoto."

Ine ndinali pakhomo la kukhitchini. Palibe anandifunsa, ndipo akanandifunsa mwina sindikanayankha n'komwe. Koma mtima unali kukana.

Zingadabwitse kuti munthu wosapereka moni ngati ine ankaukonda msewu. Ndinkaukonda ndili pawindo. Tauni yathu ndi yaing'ono, ili m'mphepete mwa mzinda waukulu, ndipo pafupifupi aliyense anachokera kwina. Atelala amatseka shopu Lachisanu masana kupita kokapemphera. Banja la pangodya limapita Loweruka, ife timapita Lamlungu, pamene aphunzitsi opuma ntchito sapita kulikonse, amangothirira maluwa n'kumakwezera dzanja onse odutsa. Madzulo fungo la m'makhitchini limasakanikirana mumsewu, lina loyetsemulitsa, lina sindidziwa n'komwe kuti akuphika chiyani. Ana amasewera mpira umodzi akukalipirana m'zilankhulo zosiyanasiyana, koma pokana chigoli onse amamvana. Mipanda ndi yaifupi. Kwa munthu wamanyazi zimenezi n'zazikulu: ndinkamva kuti ndili pakati pa anthu popanda wina wondikakamiza kutsegula pakamwa.

Masiku oyamba ndinkanyamula kampando ka kukhitchini. Dzanja limodzi kampando, linalo mkono wa bambo. Tikayenda pang'ono iwo ankaima, ine n'kuika kampando pansi, iwo n'kukhala ali wefuwefu.

Atelala anationa ali pa makina awo pakhonde. Anachokera dziko lakutali, ndipo chilankhulo chathu amachilankhula mokhotakhota koma mosaopa.

"Wailesi! Manja uli nawo angati iwe? Uku mpando, uku bambo. Nanga akagwa uwagwira ndi mano?"

Ndinayang'ana pansi. M'mawa mwake pageti pawo panali mpando wathabwa, pokhalira pake atayalapo zidutswa za nsalu zosokedwa pamodzi. Posakhalitsa asisi a saluni anatulutsa mpando wawo wakale, wozungulira uja, wong'ambika m'mbali. Aphunzitsi anaika benchi pansi pa mtengo. Banja la pangodya linaika kreti ya mabotolo, pilo pamwamba. Palibe amene anaitanitsa msonkhano. Mipando inangomera, ndipo kampando kathu kanabwerera kukhitchini.

Bambo anaitcha mipandoyo masiteji. Akayandikira ankalengeza ngati kondakitala, "Telala... otsika!" ndipo eni ake ankatuluka. Asisi a saluni ankawazunguza pang'ono pampando n'kumati, "Adalaivala, lero tikuluka kapena tikuwotcha?" pamene bambo ali ndi dazi long'anima. Iwo ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Nthawi zoterezi ine ndinkasuntha n'kukaima patali, kuseri kwa mtengo kapena m'mbali mwa ngalande, kuti wina asandifunse kanthu. Zimene ankakambirana sindinkazimva.

Tsiku lina tinapeza mpando wa atelala palibe pageti. Unali patsogolo, pafupi ndi mtengo wa magetsi. Bambo anaufika thukuta lili kamukamu, mwendo ukunjenjemera. Wa saluni nawonso unali utasunthidwa, uli kumapeto kwa mpanda. Tsiku lotsatira yonse inali yapitanso patsogolo pang'ono.

Munthu wamanyazi akaona chinthu, tanthauzo lake amapeza limodzi lokha. Ndinati atopa nafe. Ndinakumbukira kuti bambo amachedwa kumaliza chiganizo, kuti nthawi zina malovu amadontha, kuti makasitomala amachita kuwalambalala polowa. Ndinati anthuwa ndi aulemu, sangatiuze pamaso, ndiye akutikankha pang'onopang'ono kutichotsa pamakomo pawo. Zinandipweteka kuposa mawu a amalume, chifukwa msewu umene ndinkaukonda pawindo uja unaoneka ngati ndinangoupeka ndekha.

Kufunsa sindikanatha. Chimene ndinatha n'chakuti m'mawa, popita kokagula buledi, ndinkakoka mipando ija mwakachetechete n'kuibwezera pamalo ake akale, kuti bambo asavutike, komanso asazindikire kuti sakufunidwa. Masana tikamadutsa ankaifika mosavuta. Madzulo ndikasuzumira pawindo, yasunthanso. M'mawa ndinkaibwezanso.

Chodabwitsa, bambo anayamba kulusa. Anasiya kulengeza masiteji. Akafika pa mpando wa atelala ankaumenya ndi ndodo asanakhale, ndipo moni ankayankha ndi mphuno. Siteji ya basi inali idakali kutali, kuseri kwa ngodya, koma ife tinkabwerera pa kreti ngati kale. Amalume anabweretsa makatoni, amayi n'kuwaunjika kuseri kwa chitseko. Sanaikemo kanthu, koma sanawabwezenso.

Anandigwira ndi asisi a saluni. Ndinali nditakumbatira mpando wozungulira uja, ndikuukoka, pamene geti linatseguka. Anali ndi mpango kumutu, mswachi m'manja.

"Haa! Ndiye ndiwe! Ife takhala tikukalipira ana a mpira!" Anatembenuka n'kukuwa, "Atelala! Bwerani mudzaone mfiti ya mipando!"

Atelala anabwera tepi yoyezera ili m'khosi. Miyendo inkafuna kuthawa, koma mpando unali udakali m'manja.

"Wailesi, bwanji ukutiwonongera ntchito?"

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. "Ngati bambo akukusokonezani, ingonenani. Ndizinyamula kampando kathu ngati poyamba. Koma musawathamangitse mobisa, chonde. Iwo amakukondani. Akasiya kuyenda tisamuka, ndipo ine sindikufuna kusamuka."

Asisi anatsitsa mswachi. Atelala anandiyang'anitsitsa, kenako anagwira pamimba n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Wailesi yalankhula! Koma yagwira siteshoni yolakwika!"

"Mwana iwe," asisi anatero, mawu atafewa, "anatituma ndi bambo ako. Anati tizisuntha pang'ono tsiku lililonse kuti mwendo uzolowere mtunda. Anati tisakuuze, poti ukawaona akupuma movutikira umachita mantha, ungawaletse. Tsikulo unalipo, koma unali uko kuseri kwa mtengo."

"Ndipo panopa atikwiyira," anawonjezera atelala, akupukuta m'maso ndi kansalu. "Akuganiza kuti tikuibweza ndife, ati tikuwamvera chisoni ngati nkhalamba. Dzulo anditcha wamantha. Ine! Munthu amene ndinadutsa mayiko makina osokera ali pamutu!"

Kunyumba ndinawauza bambo ndikuwamanga zingwe za nsapato, kuti ndisawayang'ane kumaso. Ndisanamalize kumanga, ndinamva dzanja lawo labwinolo pamutu panga.

"Iwe ndi ine," anatero, "basi imodzi... madalaivala awiri." Anaseka mpaka kutsokomola.

Masiku anali atachepa. Mipando inayambanso kusuntha, tsopano wosuntha ndili ine, koma kuseri kwa ngodya kunalibe mpando ngakhale umodzi, ndipo kuchokera pa kreti kukafika pa siteji unali mtunda. Atelala anati, "Kumeneko kwabwera anthu atsopano, sitinadziwane nawo. Wawononga ndiwe, ukonze ndiwe. Pita ukagogode."

Ndinaima pageti la anthu atsopanowo, nyumba yomaliza musanafike pa siteji, mpaka galu wa nyumba yoyandikana anatopa kundiuwa. Nditagogoda anatuluka mayi wamtali atanyamula khanda. Chilankhulo chathu sankachimva, chawo ine sindinkachimva. Ndinaloza kumene kuli kwathu, ndinatsimphina pang'ono ngati bambo, kenako ndinakhala m'malere ngati pali mpando. Anandiyang'ana modabwa. Ndinabwerezanso. Mwadzidzidzi anati, "Aaa!" n'kundipatsa khanda lija, iwo n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mpando wapulasitiki wobiriwira. Ndinaima pamenepo mwana wa eni ake akundikoka tsitsi, ndipo ndinazindikira kuti sindikunjenjemera.

Tsiku lokapimidwa litafika, amayi anapempha tchuthi kuntchito, amalume n'kubwera ndi galimoto yotsegula kumbuyo. Bambo anavala shati yawo yakale ya kuntchito, anatenga ndodo, n'kundiuza kuti, "Iwe... usandigwire." Tinawatsatira chapatali, ine, amayi ndi amalume.

Sindinaonepo msewu wathu uli wotanganidwa chonchija. Atelala ankakung'untha nsalu imodzimodzi pageti. Asisi a saluni ankasesa posesa kale. Aphunzitsi ankathirira maluwa mpaka madzi kusefukira mumsewu. Palibe amene anawayang'ana bambo mwachindunji, palibe amene anatambasula dzanja. Iwo anadutsa mpando wa atelala osakhala, wa saluni anangougunda ndi ndodo, pa benchi anapuma pang'ono. Atakhota pangodya mwendo unayamba kukoka kwambiri, ndipo pa mpando wobiriwira anangodzigwetsa. Basi inabwera, inaima, inanyamuka. Bambo sanadzuke.

"Mwaona, chemwali?" amalume anatero motsitsa mawu. Sankanyoza. Nawonso nkhope inali itagwa.

Tinawayandikira. Mayi wamtali uja anali atawapatsa kale kapu ya madzi. Bambo anamwa, anapukuta pakamwa ndi dzanja, n'kuyang'ana amalume.

"Ina... ikubwera. Ndikudziwa. Ndinali dalaivala."

Itatulukira ina ija anadzuka okha, anayenda kamtunda kotsalako, n'kukweza ndodo. Kondakitala anawagwira mkono pokwera. Amayi sanayang'ane basi. Anali atatembenuka, akuyang'ana pangodya, pamene anthu onse aja anali ataima, wina tsache m'manja, wina nsalu paphewa, aphunzitsi nsapato zili chonyowa.

"Achimwene," amayi anatero, "makatoni aja muwatenge pobwerera."

Koleji ndinayamba. Mipando idakalipo, ngakhale kuti bambo tsopano amakhalapo pofuna macheza basi. Amapumirapo ochokera kumsika ndi katundu, ndi ana odikira kulowa mu mpira. M'mawa ndikamadutsa atelala amakuwa, "Wailesi, lero kuli nkhani zanji?" Masiku ambiri ndimangomwetulira n'kufulumira, manyazi sanathe. Koma dzulo ndinaima, ndinakhala pa mpando wa zidutswa uja, n'kuwauza kuti mwendo wake umodzi wayamba kugwedera. Anakatenga hamala, ine n'kuugwira iwo akukhoma, uku akundifotokozera za mtsinje wa kwawo umene sindidzauona. Basi yanga inandisiya. Ndinadikira ina.