Nkhokwe ya Benedeta ndi Njinga ya kwa Masudi

Chaka chimene asilikali ankabwerako kunkhondo, m'mudzi wina kuseri kwa Namitete munali mkamwini dzina lake Goliati. Dzina lokha ndiye linali lalikulu. Mwini wake anali kamunthu kowonda, ka ndevu zowerengeka, koma poyenda ankatukumula chifuwa chifukwa anali kapitawo wa fodya pa esiteti ya mzungu, komanso anali ndi njinga yamoto. Mkazi wake, Benedeta, ndiye ankalima, kupalira, kukolola ndi kulera ana, pamene bambo ankazungulira m'minda ya eni n'kumaphunzitsa anthu kagwiridwe ka khasu.

Njingayo anaigula kwa mzungu wakeyo itatheratu. Inali itaponda misewu yonse ya m'Nyasalande, moti kawotchi kake kowerenga mitunda kanachita kutopa n'kuima kokha. Mpando unali womanga ndi luzi, matayala ali zigamba zokhazokha. Kuti ilire m'mawa, Benedeta ankaikankha, mwana ali kumsana, kutsetsereka mpaka kudambo. Ikalira, bambo ankapita osacheuka, mayi n'kutsala akutsokomola utsi. Pogona inkalowa m'nyumba, pamphasa yabwino, ana atapanikizana kuchipupa.

Tsono kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Sayang'anana, salankhulana, sadyera pamodzi. Akakumana panjira, mkamwini amapatukira kutchire kuti apongozi adutse. Amene anaika mwambo umenewu ankaganizira anthu oyenda ndi miyendo.

Tsiku lina Goliati akuchokera ku Msundwe, njinga ili paliwiro, anangoona pokhota njira mayi ake a Benedeta, aNambewe, atasenza mtolo wa nkhuni. Munthu wamutu akanaima, n'kutsika, n'kulowa patchire. Goliati anapatuka ndi njinga yomwe. Analumpha mizere ya m'munda wa mtedza, naboola mpanda, nakawomba chulu. Njinga inapindika ngati chikwakwa. Mwini wake anaguluka dzino n'kusupuka tsaya lonse. ANambewe nawo anali atataya nkhuni, atagwada chofulatira, nsalu kumaso, kudikira kuti apongozi adutse. Anadikira mpaka mawondo kuwawa, apongozi ali thasa pachulu, akubuula chapansipansi kuti asamveke.

Benedeta anamuthowa mabala ndi madzi otentha. Mumtima ankathokoza Mulungu pawiri: mwamuna wapulumuka, chitsulo chafa.

"Njinga ija inakalamba," anatero Goliati, mawu akutulukira pagweru. "Inalibe mabuleki. Ikanakhala yatsopanoko si bwenzi nditagwa."

"Kodi chulu chija chinali pamsewu?" anafunsa Benedeta.

"Za makina simungazimve, amake Samuel."

"Za makina sindizidziwa. Chulu ndimachidziwa. Ndakhala ndikugwirapo ngumbi kuyambira ndili mtsikana, sichinasunthepo."

Tsaya lisanapole, Goliati anayamba kusowa pakhomo. Ankakhala ku Namitete pakhonde pa Masudi, mwini sitolo ya nsalu ndi mchere. Masudi anali ndi njinga yamoto imene anagula kwa bambo wina wa kumishoni amene ankabwerera kwawo. Inali yoyendapo kale, koma yonyezimira, ya mpando wachikopa, yolira ukangoponda kamodzi. Masudi sankaikwera. Anangoiimika pakhonde ngati nyambo, ndipo mbewa yake inabwera yokha, yopanda dzino. Ndalama sanatchule, ankadziwa kuti m'thumba mwa kapitawo muli mphepo. Anati akufuna chitsulo chopindika chija ndi nkhokwe yathunthu ya chimanga. Munthu wamalonda amadziwa kuti chimanga chogula pokolola chimabereka ana pofika Januwale.

Nkhokwe pakhomo pa Benedeta inali imodzi. Mvula chaka chimenecho inadula msanga, ndipo chimanga chimene chinali m'menemo ndicho chinayenera kufikitsa iye, ana ndi mayi ake kumondokwa. Ankachiyeza ndi maso m'mawa uliwonse.

"Nkhokwe ija tiipereke," anatero Goliati tsiku lina akutsuka mkamwa. "Fodya akagulidwa ndidzagula chimanga china."

"Pakati apa ana azidya utsi?"

"Kapitawo sayenda pansi. Alimi andiseka."

"Akuseka kale. Mukalankhula mumamveka ngati mluzu."

"Ine ndine mwamuna pakhomo pano."

"Mwamuna ndinu, koma mkamwini asamakule mwendo. Munabwera m'mudzi muno ndi chipewa ndi mphasa. Munda ndi wa amayi, nkhokwe ili pabwalo pa amayi."

"Chabwino," anatero Goliati. "Ndikapempha kwa eni akewo."

Apa ndiye Benedeta anaona kuti zavuta. Mayi ake ankawadziwa. ANambewe njinga ija ankaikonda kuposa mwini wake. Kuchitsime ankanyadira kuti mkamwini wawo amamveka asanaoneke, pamene akamwini a anzawo amangofika ngati agalu. Kuwonjezera apo, chichitikire ngozi ija ankadziimba mlandu kuti ndi iwo anagwetsa mwana wa eni. Nkhalamba yachisoni ikhoza kupereka ndi denga lomwe.

Nkhani yotere imayenda ndi ankhoswe. Koma Zakeyu, nkhoswe ya Goliati, anali kumigodi ku Joni, ndipo Januario, malume ake a Benedeta, anali kumaliro ku Kabudula. Masudi naye anali atanong'oneza kuti mphunzitsi wina wa ku Nsaru wayamba kuisisita njinga ija. Goliati sakanadikira.

"Mukhala inuyo pakamwa pathu," anauza mkazi wake. "Ine ndizinena, inu muziwauza. Iwo azinena, inu muzindiuza."

Benedeta anayang'ana nkhokwe ija. Kenaka anati, "Tiyeni."

M'mawa mwake aNambewe anakhala m'nyumba mwawo, chitseko chili chotsekula pang'ono, nkhope kuchipupa. Goliati ananjuta kuseri kwa nyumbayo chofulatira, chipewa m'manja. Benedeta anakhala pakhomo, pakati pa awiriwo. Chipupacho chinali cha mitengo yomata dothi long'ambikang'ambika, choti ngakhale nkhuku ikameza mbali inayo umamva. Amayi oyandikana nawo anapeza mwadzidzidzi kuti ali ndi zopeta zambiri, ndipo mphepo yabwino ili pafupi ndi nyumba ya aNambewe.

"Muwauze apongozi kuti ndabwera kudzawadzutsa," anayamba Goliati.

"Amayi, akuti mwadzuka bwanji."

"Uwauze apongozi kuti ndadzuka, kaya iwo ndi tsaya lawo," anayankha aNambewe.

"Akuti adzuka, kaya inu ndi tsaya lanu."

Mpaka apa zinthu zinayenda bwino. Goliati anakonza kukhosi.

"Muwauze kuti ndapeza njinga ina, yolimba, yopatsa ulemu mudzi uno. Ndikupempha andibwereke chimanga cha m'nkhokwe. Fodya akagulidwa ndidzabweza ndi chapamwamba."

"Amayi," anatero Benedeta, "akuti akufuna chakudya cha adzukulu anu akagulire chowombera chulu china."

Kuseri kunamveka kutsokomola. Koma aNambewe anali atamva okha pempho lenileni, ndipo mtima wawo unali utasungunuka kale.

"Uwauze apongozi kuti ndine ndinawagwetsa. Ndikanadutsa njira yakudambo si bwenzi zitachitika. Chimangacho atenge. Ife tidzaona pochita, maganyu sasowa."

Maganyu sasowa. Benedeta anadziwa msana umene udzapite kumaganyuwo. Anadziona mu Januwale akupalira munda wa eni mvula ili pamutu, kuti alandire kambale ka madeya, munda wake ukumera tchire, bambo akudutsa pamsewu ndi fumbi lawo. Anatembenuzira mutu kuseri.

"Akuti ayi."

Ngakhale malichero a amayi aja anaima.

"Mawu onse aja," anafunsa Goliati, "ayi yekha?"

"Akuti ayi, ndipo muyende bwino."

"Iwe Benedeta," ananong'ona aNambewe, "ine sindinatero."

"Kodi amayi, mukulankhula ndi ine kapena ndi apongozi anu? Ngati ndi iwo, tulukani mukawauze nokha. Ali kuseriku."

ANambewe anakoka nsalu kumaso ngati kuti atulutsidwa kale. Kutuluka sakanatha. Goliati naye anali atamva zonse ndi makutu ake, koma kunena kuti wamva kukanakhala kuvomera kuti amatchera khutu mawu a apongozi. Awiriwo anali pamodzi ngati mbuzi ziwiri zomangidwa pachikhomo chimodzi, chingwe chili m'manja mwa Benedeta.

"Mufunsenso," anatero Goliati, thukuta likutsika pabala. "Mwina simunamvetse."

"Amayi, akuti kodi mwanenetsa?"

"Ndati atenge," anatero aNambewe, mawu atakwera moti anamveka mpaka kukhola la mbuzi. "Atenge chonse."

"Akuti mukabweranso ndi nkhani imeneyi akuitanirani alongo awo."

Mayi wina wopeta anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi lichero. Kuseka kumeneko ndiko kunatha Goliati. Munthu amene analolera kuwomba chulu kuti asayang'ane apongozi, tsopano anaona njinga yonyezimira ikunyamuka ulendo wa ku Nsaru, mphunzitsi ali pamwamba. Anadzuka, nazungulira nyumba, nalumpha miyendo ya mkazi wake, nakankha chitseko.

"Amayi, ndamva ndekha. Mwati nditenge. Uyu akunama."

Anawayang'ana m'maso. ANambewe anali atakhala momasuka monga munthu amakhalira m'nyumba mwake, mpango uli pansi, imvi zili poyera, miyendo atatambasula. Chibadwire mwamuna wa mwana wawo sanawaonepo choncho, ndipo lero wawaona mudzi wonse ukuonerera. ANambewe anafuula kamodzi, nagwira dengu limene linali pafupi, nadzivundikira nalo kumutu. Panja amayi aja anagwira pakamwa, wina anathamangitsa ana kuti asaone.

Goliati anazindikira ataima kale pakati pa nyumba. Anabwerera cham'mbuyo, naponda chipewa chake, nakanjutanso kuseri kuja ngati kuti zikhoza kufufutika.

Mawu anatuluka m'dengu muja, onjenjemera koma omveka.

"Uwauze kuti ngakhale chitsononkho asatenge. Uwauze kuti ndinkayesa ndili ndi mkamwini, osadziwa kuti ndikuweta tonde."

"Akuti ngakhale chitsononkho musatenge," anatero Benedeta modekha. "Akuti ankayesa ali ndi mkamwini, osadziwa kuti akuweta tonde. Pamenepa ndanena monga mwamvera, eti?"

Januario atabwerako ku Kabudula anaitanitsa nkhaniyo, nagamula kuti Goliati apepese ndi mbuzi. Goliati analibe mbuzi, analibe ngakhale nkhuku yoti n'kuloza kuti iyi ndi yanga. Anapinda mphasa yake, nanena kuti m'mudzi wosadziwa kufunika kwa makina iye sangakhalemo, napita ku Namitete.

Njinga ija anaipezadi, musaganize kuti ayi. Mwamuna akafuna chidole amachipeza. Anapereka chitsulo chopindika chija, jekete lake la paukwati, ndi iye mwini. Anasiya ukapitawo n'kuyamba kunyamula nsalu ndi mchere wa Masudi kupita nazo ku Nsaru, ku Kabudula mpaka ku Nambuma, mpaka tsiku limene Masudi adzanene kuti zakwana. Masudi sanali munthu wofulumira kunena mawu amenewo. Njinga inkagona pakhonde pomwe paja, Goliati n'kumagona pamatumba a mchere kuilondera.

Benedeta sanalire. Anafolera nkhokwe yake ndi udzu watsopano, ana anayamba kugona motambasuka, ndipo chifuwa chake cha m'mawa chinatha chokha. Amene analira ndi aNambewe. Mkwiyo wawo pa mkamwini unatha msanga, wotsala wonse anaukhuthulira pa mwana wawo. Njinga ikamveka patali pamsewu waukulu ankaimitsa musi n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti, "Apongozi anga awo," ngati kuti akubwera kuno.

Pofika Febuluwale nkhokwe zambiri m'mudzimo zinali zitayamba kulira mphepo. Amayi amene ankapeta tsiku lija anali m'minda ya eni, ena pamzere kwa Masudi kugula chimanga ndi kambale. Benedeta ankatapabe m'nkhokwe mwake, mosamala, ndipo chinkaoneka kuti chifika. Tsiku lina masana anakazinga chimanga, anachiviika m'madzi kuti chifewe, n'kupatsa mayi ake pakhonde. ANambewe anatapa, naponya mkamwa, nayambanso nyimbo yawo.

"Unandichititsa manyazi iwe. Anzanga ali ndi akamwini, ine ndili ndi mwana wabodza. Ndinati atenge, iwe n'kumati ayi. Manyazi amenewa ndidzafa nawo."

Benedeta anawasunthira mbale pafupi.

"Manyazi akewo ndi amene mukutafunawo, amayi. Tapaninso."

ANambewe anang'ung'udza, natapanso.