Lupu ya Fainess Sinapite Kumtima

Ana atatu onse a Fainess, kuyambira woyamba Ambokile, anabadwa mwa opareshoni. Wachitatu asanabadwe, adokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti chiberekero chake chatopa, ndipo mimba ina ikabwera msanga akhoza kusiya anawo ali amasiye. Fainess anavomera kuti amuike lupu yolera pa opareshoni pomwepo, asanamusoke. Mwamuna wake Zebedee anavomeranso, koma kunali kugwedeza mutu maso ali kwina.

Miyezi inadutsa, bala linapola. Kenako kunabwera mlamu wake Carol, mlongo wa Zebedee, wogulitsa zitenje ku Songwe, munthu woti akalowa m'nyumba ngakhale wailesi imakhala chete. Carol anali ndi lupu yake, yoikidwa popanda opareshoni, ndipo ankadziwa kuti timaulusi take timamveka ukapisa chala. Anauza Fainess kuti akafufuze posamba. Fainess sanapeze kanthu.

Carol anagamula pompo kuti lupu yatulukira pachipsera ndipo ikukwera kumtima, makamaka poti Fainess anali atayamba kuwerama m'munda wa mpunga. Pofika Lamlungu, amayi a kutchalitchi ku Uliwa ankamupatsa moni wachisoni ngati wotsala madzi amodzi. Zimandipsetsa mtima ndikakumbukira, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa ngati penapake pakupweteka. Sipankapweteka.

Zebedee anachita mantha enieni, ndipo iyeyo sindimunena. Analetsa Fainess kuwerama, mbande za mpunga n'kumakalamba panazale. Kenako analamula kuti apite kuchipatala cha ku Boma, akaifunefune lupuyo, aichotse, ndipo isadzabwererenso. Fainess naye ankaopa, koma chimene ankaopa kwambiri chinali mimba yachinayi.

Namwino amene anawalandira, mayi Comfort ochokera ku Mulanje, sanadabwe n'komwe. Anafotokoza kuti lupu ikaikidwa pa opareshoni, ulusi nthawi zambiri umapindikira m'kati, ndipo umatsika mochedwa kapena osatsika. Anati kubwerako anachita bwino, chifukwa zotere amaziona ndi makina, osati zala za alamu. Anawatengera kuchipinda cha sikani, ndipo pagalasi panaoneka kamzere koyera, kali phee pakati pa chiberekero.

Zebedee anayang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Komabe sisitala, chotsani. Mtima wanga sukukhazikika."

Mayi Comfort anatembenukira kwa Fainess n'kumufunsa kuti mwini thupi akuti bwanji. Fainess, amene chikwatiwire sanatsutsepo mwamuna wake pagulu, anamanga chitenje chake mosafulumira.

"Yayi," anatero. "Bambo a Ambokile, mtima wanu ukhazikika. Amene anagona pabedi lija katatu ndine. Ndikagonapo kachinayi, mudzabwerera kunyumba nokha."

Zebedee anapempha kuti amuonetsenso kamzere kaja, ndipo anakajambula ndi foni yake kuti akaonetse mlongo wake.

Kutacha, Fainess anali m'matope mpaka m'mawondo, akuwokera mpunga, Zebedee akumusenzera mbande. Carol anatulukira pamzere wa munda ndi chikwama chake, ali pa ulendo wobwerera ku Songwe, ndipo anaima kukamwa kuli yasa. Fainess anawerama dala mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza madzi, kenako anadzuka n'kudzigunda pachifuwa.

"Alamu, tabwerani mudzamvetsere kuno ngati yafika."